Zimene mano a atate anandiphunzitsa

Chaka chatha, nthawi ya chimanga chachiwisi, ndinagulira atate chimanga chowotcha pa msika wa Chisokone n'kupita nacho kunyumba ku Chamboli. Atate kwawo ndi ku Katete. Anabwera ku Kitwe ali mnyamata ndipo anagwira nchito pansi pa mgodi wa Nkana zaka zoposa 20. Ataluma kachitatu anangoima, n'kulavulira m'dzanja kanthu kotuwa, kolimba ngati kachidutswa ka msomali. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, aka ndi kachitsulo kamene anandimata nako ku chipatala cha mgodi mu 1987. Ndi kakakulu kwa iwe."

M'mawa mwake tinapita ku chipatala cha mano. Mayi amene anawaona anandiitana kuti ndisuzumire pa kagalasi kake. Mano a atate akumbuyo, aja otafunira, analibe timapiri tija tili pa mano anga. Anali osalala ngati mphero yakale, ndipo pakati pake panali timadontho tachikasu. Mayiyo anati kachitsulo kaja kanali kasanathe. Chimene chinatha ndi dzino lenileni: khoma lake linapyapyala chaka ndi chaka mpaka linasweka, kachitsulo n'kusowa pogwira. Chotsalacho sichinali chomatika, ndipo anachizula tsiku lomwelo. Ndisanatuluke ndinapempha kuti aonenso dzino langa limene anamata ndi choyera zaka 6 zapitazo. Anandiuza kuti langa layamba kale kukumbika pakati.

Pobwerera m'basi ndinali kudzifunsa kuti zatheka bwanji kuti kachitsulo kapirire zaka zoposa 35 mpaka kuposa dzino, pamene choyera changa chafooka msanga chonchi. Ndinaganiza zokonza pulogalamu ya pa wailesi yokhudza mano, koma pofufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ndi mbiri, ndipo mbali ina ya mbiriyo ndi yathu ya kuno ku Kopala.

Chikuto chimene sichimeranso

Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chimene madokotala amachitcha enamel. M'thupi lonse la munthu mulibe chinthu cholimba kuposa ichi, ngakhale fupa limachepa. Pafupifupi magawo 96 pa 100 alionse a chikutochi ndi mchere wolimba wa calcium, ndipo pamene chili chochindikala kwambiri, pansonga za mano otafunira, chimafika mamilimita awiri ndi theka chabe. Pansi pake pali dentine, yachikasu ndi yofewerapo, ndiyo timadontho tija ndinaona m'kamwa mwa atate. Mkati mwenimweni ndi mmene muli mtsempha umene umakugonetsa maso dzino likayamba kuwawa.

Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma chikuto cha dzino sichimeranso. Timaselo timene timachipanga timafa dzino likangotuluka m'nkhama. Chimene munalandira muli mwana ndicho mudzadyera mpaka ukalamba. Madzi akatayika saoleka.

Chikutochi chimatha m'njira zitatu. Yoyamba ndi dzino kukhulana ndi dzino linzake, potafuna kapena pokukuta mano kutulo. Yachiwiri ndi kanthu kokhakhala kolowa pakati pa mano, monga mchenga, fumbi, phulusa kapena malasha. Yachitatu ndi asidi wa m'zakumwa ndi zakudya zowawasa, amene amafewetsa chikutocho kuti chikhulike mosavuta. Kwa munthu wa mano abwino amene amadya zofewa za masiku ano, pamalo pamene mano akumbuyo amakumana pamatha pafupifupi mamaikulomita 30 pachaka. Kunena kwina, zimatenga zaka zoposa 30 kuti milimita imodzi ithe. Koma mchenga ndi wolimba kuposa chikuto cha dzino. Pa sikelo ya Mohs, imene akatswiri a miyala amapimira kulimba kwa zinthu, chikuto cha dzino chili pa 5 pamene mwala wa quartz, umene umapanga mchenga, uli pa 7. Mchenga ukalowa m'chakudya, kutha kwa mano kumathamanga.

Munthu wa ku Kabwe

Mboni yakale kwambiri ya nkhaniyi m'dziko lathu inapezeka mu mgodi. Pa 17 Juni 1921, Tom Zwiglaar, mzungu wa ku Switzerland amene anali kugwira nchito pa mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, pamodzi ndi wanchito wachikuda amene dzina lake silinalembedwe, anafukula chigaza cha munthu wakale. Broken Hill ndiye Kabwe wa lero, pamene basi yochokera ku Ndola imaima tikamapita ku Lusaka. Chigazacho anachitumiza ku London, kumene Arthur Smith Woodward anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Mu 2020 akatswiri atachipimanso anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000.

Anthu ambiri akaona chithunzi chake amadabwa ndi mphumi yake yotundumuka. Madokotala a mano amayang'ana m'kamwa. Mano a munthu ameneyu ndi operepeseka kwambiri, 10 mwa mano ake akumwamba ndi ofumbwa, ndipo pafupa pali zizindikiro zakuti mizu ina inachita mafinya. Iye ndi mmodzi mwa anthu akale kwambiri padziko lonse amene amadziwika kuti anavutika ndi mano obooka. Taganizani ululu umene anaumva, popanda womata, popanda wozula, popanda ngakhale Panadol.

Chigazachi chikali ku Natural History Museum ku London. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku UNESCO. Chimene chili ku Livingstone Museum ndi chofanizira chabe.

Kuchoka pa mphero kufika pa chigayo

Migodi isanabwere, dera lino linali la Alamba, ndipo chakudya chawo chachikulu chinali mapira. Kwathu kum'mawa makolo analinso kulima mapira ndi mawere, chifukwa chimanga n'chobwera: chinachokera ku America ndipo chinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Mapira ndi mawere amaperedwa pa mphero. Mwala ukamakhula mwala, timchenga timasakanikirana ndi unga, ndipo aliyense wodya nsimayo amatafunira timchengato kumodzi. Onjezani mbewu zoyanikidwa pansi, nsomba zouma zamchenga, ndi mizu yowotcha paphulusa. Ndiye chifukwa chake mafupa a anthu akale amene anali kupera pa miyala, kuyambira ku Egypt mpaka kuno kum'mwera kwa Africa, amapezeka ndi mano osalala ngakhale eni ake anafa asanakalambe.

Zinthu zinasintha ndi migodi. Roan Antelope ku Luanshya inayamba kutulutsa kopa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936. Anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Luapula, kumpoto, ku Fort Jameson imene lero ndi Chipata, ndiponso ku Nyasaland. M'makomboni a migodi makampani anali kupereka phoso, ndipo chachikulu pa phosolo chinali unga wa chimanga wogayidwa ndi makina. Pang'onopang'ono chigayo chinalowa m'malo mwa mphero, ndipo lero tonse timangotchula breakfast ndi roller. Nsima inafewa, mchenga unachepa.

Koma wa pansi pa mgodi anapeza mphero ina. Kubowola ndi kuphulitsa miyala kumadzutsa fumbi la silica. Fumbi limeneli timalidziwa chifukwa cha matenda a m'mapapo, ndipo ndi chifukwa chake ku Kitwe kuli ofesi yopima anchito a m'migodi, imene lero imatchedwa Occupational Health and Safety Institute. Fumbi lolowa m'mapapo limadzera pakamwa, ndipo lina limatsalira m'malovu. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 pakati pa anchito a m'migodi ku Sweden ndi osema miyala ku Denmark anaonetsa kuti mano awo anali otha kuposa a anthu ogwira nchito zina. Nditawauza atate zimenezi anaseka, anati potuluka pa shifiti anali kumva mchenga ukulira m'mano ngakhale asanadye kanthu.

Kenako kunabwera shuga. M'zaka za m'ma 1960 ku Ndola kunali fakitale yoyenga shuga, ndipo minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka inayamba m'zaka zomwezo. Tiyi wa shuga, mabanzi, maswiti ndi zakumwa za m'mabotolo zinakhala za tsiku ndi tsiku. Walira mvula walira matope. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amaboola dzino, ndipo zakumwa zambiri zimabwera ndi asidi wawo kale. Chikuto cha dzino chimayamba kusungunuka pH ikatsika kupitirira 5.5, pamene zakumwa za cola zili pafupi ndi 2.5. Makolo athu mano awo anali kutha ndi mchenga. Ife athu amafewetsedwa ndi asidi, amaboola ndi shuga, kenako timawamaliza ndi kutafuna.

Kufunafuna chomatira

Dzino likabooka pamafunika chotseka bowolo, ndipo apa ndi pamene pali mutu waukulu. Chomatiracho chiyenera kukhala m'malovu usana ndi usiku, kupirira tiyi wotentha ndi madzi ozizira, ndi kusenza mphamvu ya nsagwada, imene pa mano akumbuyo imatha kupitirira makilogalamu 50. Chikakhala chofewa chimakumbika msanga. Chikakhala cholimba ndi chokhakhala chimadya dzino limene chimakumana nalo. Chofunika ndi chinthu chotha pa liwiro lofanana ndi la dzino lenileni, ndipo anthu akhala akuchifunafuna kwa zaka mazanamazana.

Kachitsulo ka atate dzina lake ndi amalgam. Pafupifupi theka lake ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija cha mu thermometer zakale, ndipo chotsala ndi unga wa siliva, tin ndi kopa. Buku la zamankhwala la ku China la m'chaka cha 659 limatchula kale phala la siliva lomatira mano. Ku America amalgam inafika mu 1833 ndi abale awiri a banja la Crawcour, amene anali kumata mano mwachinyengo osachotsa ndi kufumbwa komwe, ndipo inatchuka moipa kotero kuti mu 1845 bungwe la madokotala a mano kumeneko linalumbiritsa mamembala ake kuti asaigwiritse nchito. Amene anaibwezera ulemu ndi G. V. Black, amene cha m'ma 1895 anapima bwino muyezo wa zitsulo zosakaniza.

Komabe amalgam ya nthawi imeneyo inali ndi chilema. Tin anali kugwirana ndi mercury n'kupanga kagawo kofooka, kochita dzimbiri, ndipo m'mphepete mwa chomatiracho munali kubenthuka potafuna. Mu 1963 akatswiri awiri a ku Canada, Innes ndi Youdelis, anapeza mankhwala ake: kuonjezera kopa. Amalgam yakale inali ndi kopa wosapitirira magawo 6 pa 100, yatsopano inafika pa 12 mpaka 30. Kopayo amagwira tin, kagawo kofooka kaja n'kusowa. Izi zinachitika pamene Zambia inali pafupi kulandira ufulu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 migodi yathu inali kutulutsa matani a kopa opitirira 700,000 pachaka. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti kopa ndi wa mawaya a magetsi ndi mapaipi. Palibe anatiuza kuti chitsulo cha mtundu umene atate anali kukumba ku Nkana ndicho chimalimbitsa zomatira mano za anthu mamiliyoni.

Choyera chimene anandimata ine chili ndi mbiri ina. Mu 1955 Michael Buonocore anapeza kuti ukapaka asidi pang'ono pa chikuto cha dzino pamachita timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo pulasitiki imagwira pamenepo. Mu 1962 Rafael Bowen anapanga utomoni umene mpaka lero ndiwo maziko a zomatira zoyera zotchedwa composite, zimene ndi pulasitiki yosakaniza ndi unga wa galasi kapena wa quartz. Zoyamba zinali ndi timiyala tikulutikulu. Potafuna, pulasitiki yofewa inali kukhulika, timiyala n'kutsala poyera, kenako n'kugwa, ndipo pa mano akumbuyo chomatiracho chinali kutha m'zaka zochepa. Za masiku ano timiyala take ndi tating'ono kwambiri ndipo zimapirira bwino, koma zimafuna kuti dzino likhale louma pomata. Malovu akalowa pang'ono chabe, moyo wake umafupika. Nazonso zisoti za porcelain zimene ena amaveka mano zimaoneka bwino, koma zikakhala zosasalazidwa zimadya dzino la moyang'anana nalo ngati sandipepa. Chimene madokotala ambiri amachitama kuti chimatha mofatsa ndipo sichivulaza dzino linzake ndi golide, koma ndani wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu angamukwanitse?

Njira imene inabadwira kwa aneba

Pali chomatira chachitatu chimene chikutikhudza kwambiri. Alan Wilson ndi Brian Kent a ku London analengeza mu 1972 simenti ya mano yotchedwa glass ionomer, imene imadzigwirira yokha pa dzino ndipo imatulutsa fluoride woteteza dzino ku kufumbwa. M'katikati mwa zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, akugwira nchito ku Tanzania kumene zipatala zambiri zinalibe magetsi kapena makina obowolera, anayamba kukokota kufumbwa ndi tizipangizo ta m'manja n'kutseka bowo ndi simenti. Njirayi, imene imadziwika ndi zilembo zakuti ART, inayesedwa m'masukulu a ku Zimbabwe ndi m'midzi ya ku Thailand, ndipo bungwe la WHO linaionetsa ku dziko lonse mu 1994. Mu 2021 WHO inaika simentiyi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'zipatala. Kufooka kwake ndi komwe kuja: imakhulika msanga kuposa amalgam ndi composite, choncho imathandiza kwambiri pa bowo laling'ono. Wochedwa kupita ku chipatala njirayi imamudutsa.

Amalgam nayo masiku ake akutha. Chifukwa cha zimene mercury inachita kwa anthu a m'tauni ya Minamata ku Japan, mayiko anasaina pangano mu 2013 lochepetsa kugwiritsa nchito mercury, ndipo Zambia ili m'panganoli. Mayiko a European Union analetsa amalgam kuyambira Januwale 2025, kupatulapo pamene dokotala waona kuti palibe njira ina. Nkhawa yaikulu ndi mercury yotayikira m'madzi ndi m'nthaka. Ngati muli ndi amalgam imene ikali bwino, madokotala salangiza kuti muichotse, chifukwa kuichotsa kumadyanso dzino.

Kuno kwathu vuto lalikulu kwa zaka zambiri lakhala kusowa kwa omata. Dental Training School ya ku Lusaka inali kuphunzitsa othandiza pa za mano, koma madokotala a mano a digiri anali kuphunzira kunja. Izi zinasintha mu 2011 pamene Copperbelt University inatsegula sukulu ya zamankhwala ku Ndola, imene lero ili ndi dzina la Michael Chilufya Sata, ndipo inayamba kuphunzitsa digiri ya udokotala wa mano. Atate anamatidwa m'nthawi ya ZCCM, pamene wa pa mgodi ndi banja lake anali kuthandizidwa ku chipatala cha kampani. Migodi itagulitsidwa, kugulitsa kumene kunatha mu 2000, mabanja ambiri anataya mwayi umenewo. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti dzino likawawa umapirira, ukalephera umakazula.

Zimene zili m'manja mwathu

Anzanga, mbiri yonseyi ikutiuza kuti m'zaka zonsezi palibe anapanga chinthu chofanana ndi chikuto chimene tinabadwa nacho. Chomatira chilichonse chili ndi tsiku lake lotha, ndipo nthawi iliyonse imene achisintha bowo limakulirako, dzino limacheperako. Choncho chanzeru ndi kuchedwetsa tsiku loyamba kumata, ndipo likafika, kupita bowo likali laling'ono.

Mchenga wa pa mphero unatha, koma tinaubweza tokha m'njira zina. Ena timatsuka mano ndi malasha osinja kapena phulusa kuti ayere. Amayeradi masiku oyamba chifukwa mwapala pamwamba, koma chikuto chikapyapyala chikasu cha mkati chimayamba kuonekera, ndipo kuyera kuja sikubweranso. Alongo athu, makamaka apakati, amagula dothi pa msika n'kumakukuta. M'dothimo muli mchenga, ndipo chilakolako chimenecho nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, choncho ndi bwino kuchitchula ku sikelo. Anyamata timatsegula mabotolo ndi mano kuti anzathu atitame. Ena amasenda nawo mawaya a magetsi, ena amaphwanya madzi oundana. Ndipo ambiri timayenda ndi botolo la chakumwa chopatsa mphamvu, n'kumapsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka masana, mano ali m'asidi nthawi yonseyo.

Zochita zake si zodula. Mukamwa chowawasa, imwani nthawi imodzi, tsukuluzani m'kamwa ndi madzi, ndipo dikirani theka la ola kapena ola musanatsuke ndi mswachi, kuti malovu alimbitsenso pamene pafewa. Sankhani mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndipo musakhule ngati mukukwecha poto. Ngati mumagwira nchito m'fumbi, kaya pa mgodi, pa Black Mountain, pophwanya miyala kapena poumba mabuloko, valani chotchinga pakamwa ndipo tsukuluzani musanadye. Ngati amene mumagona naye chipinda chimodzi akuti mumakukuta mano usiku, kapena mukadzuka nsagwada zili zotopa, uzani a za mano. Ngati dzino layamba kunyenyeza mukamwa madzi ozizira, musadikire kuti litupitse tsaya.

Dzino langa lija anandimatanso mwezi wa Meyi. Atate sanataye kachitsulo kawo. Anakaika m'kabokosi ka machesi, m'chikwama mmene amasungira khadi lawo lakale la pa mgodi. Chimanga chowotcha sanasiye, koma masiku ano amachikonola ndi zala, n'kumatafuna pang'onopang'ono mbali ya kumanzere. Mdzukulu wawo akafuna kutsegula botolo ndi mano, amamulanda, n'kutsegula pakamwa kumuonetsa mpata uja.